Khadi Lotuwa la Mayi Hegstad

Ku Hedvig anthu amanena kuti Mayi Arlys Hegstad anakanidwa chifukwa cha ndale. Onena zimenezi sanawerengepo ngakhale tsamba limodzi la zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo, ndipo ndawauza pamaso pawo kangapo. Mayi Hegstad sanakanidwe ndi munthu aliyense. Palibe phungu amene anakweza dzanja kuwatsutsa, palibenso amene anawanenera choipa. Dzina lawo linangokhala m'kabati ya mlembi milungu khumi, kenako linatha mphamvu monga amachitira mankhwala opitirira tsiku lake. Ine ndinaliko, ndipo mbali ina ya kulakwako ndi yanga. Choncho ndifotokoza mmene zinayendera, ndipo wofuna kunditsutsa ayambe wamva zonse.

Mayi Hegstad anabadwira pa famu ya tirigu ndi mpendadzuwa kumpoto kwa Hedvig, mwana wachitatu mwa ana asanu. Atamaliza sekondale anapita kumzinda kukaphunzira unamwino, ndipo cholinga chawo chinali chosabwereranso. Ali ndi zaka 23, amayi awo anaterereka pa madzi oundana pakhomo pa khola n'kuthyoka chiuno. Iwo anabwera kudzawasamalira nyengo yachisanu imodzi yokha. Papita zaka 38. Anakwatiwa ndi Bambo Gene Hegstad, amene ankayendetsa basi ya ana asukulu, munthu wosalankhulalankhula amene anamwalira mwakachetechete monga mmene anakhalira. Sanakhale ndi ana.

Chipatala chathu ndi zipinda zinayi m'nyumba imene kale inali sitolo ya nsapato, pakati pa positi ofesi ndi malo odyera a Mayi Twila Brandvold. Dokotala womaliza anachoka zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, atanena kuti mkazi wake watopa ndi mphepo. Mayi Hegstad anawonjezera maphunziro mpaka analoledwa kupima odwala ndi kulembera mankhwala paokha. Kuyambira pamenepo chilichonse chogwera thupi la munthu wa ku Hedvig chimayamba chadutsa m'manja mwawo, kuyambira khanda lotentha thupi mpaka chala chodulidwa ndi makina okololera. Chipatala chachikulu chili pa mtunda wa ola limodzi ndi mphindi makumi anayi, ngati msewu sunatsekeke ndi chipale chofewa.

Ali ndi chizolowezi chimodzi chimene aliyense amachidziwa. Akakuyeza kuthamanga kwa magazi, salemba manambala pa pepala la chipatala. Amatenga pepala lililonse limene wabwera nalo, kaya ndi envelopu, kaya ndi ndandanda ya nyimbo za kutchalitchi, n'kulemba kuseri kwake. Amati pepala la chipatala munthu amalitaya panjira, koma lake salisiya.

Mawondo awo anatha kalekale. Chaka chatha anauza komiti yoyendetsa chipatala kuti atsala ndi zaka ziwiri, ndipo akasiya palibe wina wolowa m'malo mwawo. Komitiyo inalengeza ntchitoyo kawiri, osalandira kalata ngakhale imodzi. Njira yotsala inali imodzi. M'chigawo chathu muli khonsolo ya anthu asanu ndi anayi yolangiza boma za maphunziro a zachipatala. Mwezi wa Epulo, kamodzi pa zaka ziwiri, khonsoloyi imasankha zipatala zakumudzi zimene zidzalandire madokotala ophunzira ntchito. Dokotala wotere amakhala pamalopo zaka ziwiri, ndipo ena akazolowera sachokanso. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Mayi Hegstad ankalembera khonsoloyi makalata ofotokoza za Hedvig. Sanapemphemo kanthu. Ankangolemba chiwerengero cha odwala ndi kutalika kwa msewu. Ife a ku Hedvig timanyadira kuti sitipempha, ndipo kuyambira pamene ndinabwerera kuchokera ku yunivesite ndakhala ndikunena kuti kunyada kumeneku ndi matenda.

Imodzi mwa makalatawo inafika ku ofesi ya Bwanamkubwa wa chigawo. Mpando umodzi wa khonsoloyo, woikidwira namwino wakumudzi, unali wopanda munthu. Mu Januwale Bwanamkubwa anasankha Mayi Hegstad. Kwa nthawi yoyamba munthu wa ku Hedvig akanakhala m'chipinda chimene amagawira madokotala, ali ndi mawu komanso voti.

Koma kusankhidwa ndi Bwanamkubwa si kukhala pampando. Dzina liyenera kuvomerezedwa ndi Seneti, nyumba ya aphungu a chigawo chathu: poyamba m'komiti ya zaumoyo, kenako m'nyumba yonse, aphungu asanatseke zokambirana zawo kumapeto kwa Malichi. Dzina losavomerezedwa pofika tsikulo limafa lokha, ndipo aphungu athu sakumananso mpaka patapita zaka ziwiri. Zonsezi zinalembedwa. Chimene sichinalembedwe ndi khadi. Dzina likafika, mlembi wa komiti amatumiza khadi lotuwa, laling'ono ngati chikhatho, kwa phungu wa dera limene wosankhidwayo amakhala. Wosankhidwayo amapita yekha ku ofesi ya phunguyo, amagogoda, amakhala pansi, amamwa khofi woipa, kenako amalandira khadi losainidwa kuti akalipereke ndi dzanja lake kwa mlembi. Phungu salitumiza, sapitanso nalo yekha.

Phungu wathu ndi Bambo Orrin Kautzman, mlimi wa ng'ombe amene wakhala mu Seneti zaka 19. Mkazi wawo, Mayi Lorna, anamwalira ndi khansa zaka zinayi zapitazo, ndipo amene anawadwazika kunyumba miyezi khumi ndi inayi anali Mayi Hegstad. Chichokereni kumanda, anthu awiriwa anali asanalankhulane. Akakumana pamsewu aliyense ankakweza chala chimodzi pa chiwongolero, monga timachitira tonse, basi. Palibe amene anaona chachilendo. Kwathu mukhoza kukhala ndi munthu zaka makumi awiri mukulankhulana ndi chala chokhacho.

Nkhani ya kusankhidwa itatuluka, ndinali kwa Mayi Brandvold ndikudya chakudya cha m'mawa ndisanapite kuntchito ku ofesi yolembetsa malo. Mayi Hegstad analowa akugwedeza chipale pa nsapato.

"Imirirani nonse, akuluakulu a ku likulu alowa!" anafuula Mayi Brandvold ali ndi ketulo m'manja. "Arlys, tsopano tizikugwadira, kapena khofi uzingomwa ngati kale?"

"Thira khofi, Twila. Mawondo angawa sanamve kuti ndakwezedwa."

"Wapita kale kwa Orrin?"

Mayi Hegstad anayamba kuvula magolovesi, chala chimodzichimodzi.

"Ndikufunsa iwe, mayi. Khadi lija. Mlamu wanga atamusankha m'bungwe lolimbana ndi namsongole, namsongole weniweniyu, anavala jekete n'kupita kukagogoda. Ndiye iwe wa madokotala ukudikira chiyani?"

Apa ndi pamene ndinalowerera. Mlungu umenewo ndinali nditawerenga malamulo onse a Seneti, masamba 120, chifukwa sindikonda kumva anthu akunena zinthu zimene sanazione zitalembedwa.

"Mayi Brandvold, khadi mulibe m'malamulo," ndinatero. "Ndime 38 imati komiti idzamva wosankhidwa aliyense ndi kupereka dzina lake ku nyumba yonse. Sinena za khadi, sinena za khofi, sinena za kugogoda. Zimenezo ndi zizolowezi za anthu okalamba ofuna kupembedzedwa."

"Eee, Pulofesa wadzuka! Iwe Tobias, ine ndinakusintha thewera pa tebulo limene wakhalapolo."

"Thewera silisintha lamulo."

"Amayi ako anawononga nthawi kukutumiza kusukulu. Akanagula wailesi, imazimitsika."

Alimi a pa tebulo la pakona anaseka. Koma Mayi Hegstad sanaseke. Anatembenuka n'kundiyang'ana monga amayang'anira munthu amene wabwera ndi zotsatira za magazi.

"Tobias, ukunena kuti sikofunika?"

"Sikofunika ngakhale pang'ono, Mayi Hegstad."

"Wawerenga bwinobwino?"

"Kawiri."

Anagwedeza mutu movomera n'kumwa khofi wawo. Ndinaona mapewa awo akutsika, ndipo ndinaganiza kuti ndapambana mtsutso. Sindinadzifunse chifukwa chake mayi amene sanakhulupirirepo mawu anga pa nkhani iliyonse anawalandira msanga chotero tsiku limenelo.

Komiti inawaitana Lachitatu lomaliza la Febuluwale. Ndinapempha tchuthi kuntchito n'kupita nawo, osati kukawathandiza, koma kukaona ndime 38 ikugwira ntchito kuti ndidzabwere ndi umboni kwa Mayi Brandvold. Ulendo wa ku likulu ndi maola anayi. Anayendetsa okha, atavala diresi yabuluu imene amavala pa maliro ndi pa maukwati.

Chipinda cha komiti chili pa nsanja yachiwiri, kumapeto kwa khonde lalitali la maofesi a aphungu. Tikuyenda m'khondemo tinadutsa chitseko cholembedwa 214, ndi dzina la Bambo Kautzman pansi pake. Mayi Hegstad anachepetsa liwiro, kenako anapitirira.

Osankhidwa analipo asanu tsiku limenelo, atakhala pa benchi kunja kwa chipinda. Anayi anali ndi makhadi otuwa m'manja. Dokotala wa mano wina wonenepa, wochokera kumzinda, ankadzikupiza ndi lake.

"Phungu wanga wandisunga mphindi makumi anayi," anatero kwa aliyense wofuna kumva. "Akuti ndimuone dzino la kumapeto. Ndamuona muofesi momwemo, ndi tochi ya pa foni. Mayi, wanu wakupemphani chiyani? Jakisoni?"

"Sindinapiteko," anayankha Mayi Hegstad.

Bamboyo anasiya kudzikupiza. Anayamba kuwerenga khadi lake ngati muli nkhani yaitali.

Mlembi wa komiti anatuluka ndi faelo. Anali mayi wamfupi wa imvi, magalasi atapachikidwa pa kaunyolo m'khosi. Anatolera makhadi anayi n'kuima pamaso pa Mayi Hegstad atatambasula dzanja.

"Khadi lanu, mayi?"

"Alibe," ndinayankha ine, "ndipo safunika kukhala nalo. Ndime 38 ya malamulo anu imati komiti idzamva wosankhidwa aliyense. Mawu akuti idzamva ndi olamula, si opempha."

Mlembiyo anavala magalasi n'kundiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Ndinu loya wawo?"

"Ndine nzika yowerenga."

"Zikomo, a nzika. Ine ndakhala pano zaka 22, ndipo ndime imeneyo ndinaitaipa ndine. Komiti iwamva ndithu, musadandaule. Koma ndimeyo sinena tsiku lopereka dzina ku nyumba yonse, ndipo wapampando sapereka dzina lopanda khadi. Sanachitepo, ndipo amene analipo iye asanabwere sanachitepo." Anatembenukira kwa Mayi Hegstad, mawu atafewa. "Mayi, a Kautzman ali muofesi mwawo panopa. Ndi apa pomwepa. Ndikhoza kukuikani kumapeto."

"Ndilankhule kaye," anatero Mayi Hegstad.

Aliyense anapatsidwa mphindi ziwiri. Dokotala wa mano anathokoza Bwanamkubwa, aphungu, ndi mkazi wake. Mayi Hegstad ataitanidwa, anaima atagwira m'mbali mwa tebulo chifukwa cha mawondo.

"Dzina langa ndi Arlys Hegstad. Ndine namwino ku Hedvig. Ndili ndi zaka 61, ndipo ndikasiya palibe wina. Dokotala amakhazikika kumene anaphunzirira ntchito. Amene sanaonepo malo ngati kwathu sangawasankhe, ndipo sindimuimba mlandu. Ndikufuna kukhala m'khonsoloyi kuti pogawa ophunzira pakhale munthu mmodzi wodziwa kutalika kwa msewu. Ndatha."

Sanathe ngakhale mphindi imodzi. Wapampando anawathokoza, nanena kuti ndi mawu omveka kuposa onse amene wamva chaka chino. Kenako komiti inavomereza mayina anayi pamodzi, mwa voti imodzi ya pakamwa, ndipo wapampando anati dzina la Mayi Hegstad aliimika kaye mpaka pepala lotsala lifike. Anamenya kanyundo n'kupita ku nkhani ya katemera wa ziweto.

Tinatulukira m'khonde lomwe lija. Ndinawerenga: kuchokera pa chipinda cha komiti kukafika pa 214 ndi mapazi makumi anayi. Mayi Hegstad anaima pachitsekopo. Mkati munkamveka munthu akutsokomola, kenako mpando ukulira, kenako zii. Anakweza dzanja mpaka pa chifuwa. Linakhala pamenepo kanthawi, kenako analigwiritsa ntchito kumanga batani la jekete.

"Wailesi yati chipale chiyamba masana," anatero. "Tiye."

Ola loyamba la ulendo wobwerera ndinalankhula ndekha. Ndinafotokoza kuti mlembi walakwitsa kumasulira, kuti chizolowezi sichingapose lamulo lolembedwa, ndiponso kuti ndidzalemba kalata yoti komiti ichite manyazi. Iwo ankangoyang'ana kutsogolo. Titakhotera mu msewu wa phula wopita ku Hedvig, anayamba kulankhula osanditembenukira.

"Msewu uno ukuudziwa mmene unalili kale?"

"Unali wa miyala."

"Voti yoti authire phula inali Lachinayi. Orrin anaumenyera zaka zisanu ndi ziwiri. Tsiku limenelo anandiimbira foni m'mawa, cha m'ma 10 koloko, ali ku likulu. Akuti, Arlys, ndibwere? Ndinamuyang'ana Lorna, ndinamugwira pamkono, ndinawerenga kapumidwe kake. Ndiye ndinati, votani kaye, nthawi ilipo mpaka mawa." Anasintha giya. "Anamwalira 2 koloko masana. Orrin anafika dzuwa likulowa, taye ili m'khosi."

Ndinayamba kuwatsutsa, chifukwa ndi chokhacho chimene ndimadziwa kuchita. Ndinati palibe namwino kapena dokotala amene angadziwe ola, ndipo mabuku onse amavomereza zimenezi.

"Ndaona anthu oposa mazana awiri akutsirizika, Tobias. Mabuku akowo aona angati?"

"Koma iwo sanakuimbeni mlandu."

"Sananene kanthu. Anandigwira chanza kumanda. Ndiye lero ndikagogode, ndikhale pampando, ndimwe khofi wake, ndinene kuti Orrin, ndithandizeni?"

"Si inu mukuthandizidwa. Ndi chipatala."

"Ndikudziwa," anatero.

Kunatsala milungu inayi ndi theka. Ndinalembera komiti makalata atatu, iliyonse yaitali kuposa inzake, ndipo mlembi uja anayankha onse ndi chiganizo chimodzi chondithokoza chifukwa cha chidwi changa. Mayi Brandvold analeka nthabwala. M'mawa uliwonse ankaika khofi patsogolo pa Mayi Hegstad n'kufunsa kuti, "Lero?" Iwo ankayankha kuti, "Lero kuli ana a sikelo," kapena, "Lero kuli mphepo." Sanakane kupita. Ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa ena amati anali ouma mutu. Munthu wouma mutu amakana. Iwo tsiku lililonse ankakhulupirira kuti apita mawa.

Bambo Kautzman ankabwera kumudzi kumapeto kwa mlungu uliwonse. Lamulungu lachiwiri la Malichi ndinawadikira pa malo oimika magalimoto kutchalitchi.

"A Kautzman, mukutsekereza dzina la Mayi Hegstad, ndipo mulibe mphamvu yotero m'malamulo."

Anandiyang'ana, kiyi ali m'manja. Ndi munthu wamtali wowerama, wa makutu ofiira ndi chisanu.

"Ndiwe mwana wa Lindahl, eti? Bambo ako ankalankhula pang'ono kuposa iwe, ndipo ng'ombe zawo zinali zonenepa."

"Sindinabwerere ng'ombe."

"Sindikutsekereza munthu, mnyamata. Chitseko changa ndi 214. Sichikhomedwa."

"Ndiye ndipatseni ine khadilo ndikawapatse."

"Kodi Bwanamkubwa wasankha iwe?"

"Ayi, koma mukhoza kuwaimbira foni."

Anatsegula chitseko cha galimoto n'kuima atagwira pamwamba pake.

"Arlys akudziwa kumene ndili," anatero. "Akafuna kundiona adzabwera. Ngati safuna, sindingamukakamize kuti andiyang'ane."

Mawu omalizawa sindinawamvetse, ndipo sindinawafikitse kwa Mayi Hegstad. Ndinawauza zoti chitseko sichikhomedwa basi. Uku ndi kulakwa kwanga kwachiwiri, ndipo ndikuona kuti n'kokulirapo kuposa koyamba.

Seneti inatseka zokambirana Lachisanu lomaliza la Malichi, nthawi itangodutsa 3 koloko masana. Ndinamvetsera pa wailesi muofesi. Anawerenga mayina 46 ovomerezedwa m'mabungwe osiyanasiyana, kuphatikizapo la namsongole, aphungu anati inde onse pamodzi, kanyundo kanalira. Pa nthawi imeneyo Mayi Hegstad ankasoka chikhatho cha mlimi amene anadzicheka ndi waya wa mpanda. Mlimiyo akuti wailesi ya m'chipatala inali yotsegula, ndipo mayina atatha iwo anangomuuza kuti asagwedeze dzanja.

Khonsolo inakumana mu Epulo ndi anthu asanu ndi atatu, mpando wa namwino wakumudzi uli wopanda munthu. Zolemba za msonkhanowo ndinaziwerenga, ndipo wofuna akhoza kuziwerenganso. Zipatala zitatu zinadutsa mosavuta. Pa malo achinayi panatsala Hedvig ndi chipatala china chapafupi ndi mzinda. Pa Hedvig anayi anati inde, anayi anati ayi, ndipo mavoti akafanana nkhaniyo imagwa. Chipatala chinacho chinadutsa. Ndinasindikiza tsambalo n'kupita nalo kwa Mayi Hegstad. Analiwerenga ataimirira, analipinda pakati, n'kundibwezera.

"Anayi ndi ambiri ndithu," anatero. "Sindinkayembekeza."

Palibe amene analira, palibenso amene anakalipa. Kwa Mayi Brandvold anthu anakamba za ndale masiku awiri, kenako anabwerera ku nkhani ya mbewu. Komiti ya chipatala inakumana n'kulemba tsiku lotseka, kumapeto kwa Juni chaka chamawa. Mayi Hegstad anapitiriza kutsegula chitseko 7 koloko m'mawa uliwonse.

Lolemba lina mu Meyi ndinapita kuchipatalako ndi mutu umene unandivuta mlungu wathunthu. Makina oyezera kuthamanga kwa magazi amakhala m'chipinda choyamba, pa tebulo la pafupi ndi zenera, moti wodikira amaona ndi kumva zonse. Ndinali nditakhala pa benchi pamene Bambo Kautzman analowa, chipewa chili m'manja. Kwa zaka zinayi ankayenda ola limodzi ndi mphindi makumi anayi kukayezetsa kuchipatala chachikulu.

"Arlys."

"Orrin. Khalani apo."

Anakhala. Anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa khadi lotuwa, n'kuliika patebulo pakati pawo. Ndili pa benchi ndinkaona siginecha yawo ndi tsiku: 14 Januwale.

"Ndinasaina tsiku limene linafika," anatero. "Linali pansi pa kapu ya zolembera."

Mayi Hegstad analiyang'ana osaligwira.

"Pindani malaya."

Bambo Kautzman anapinda mkono wa malaya. Mayi Hegstad anawakulunga lamba pamkono n'kulimanga.

"Ndinakumvani pachitseko tsiku lija," anatero Bambo Kautzman. "Ndinali mkatimo. Mayendedwe anu ndimawadziwa. Ndinawamva m'nyumba mwanga miyezi khumi ndi inayi."

"Bwanji simunatsegule?"

"Ndinati mwina simufuna kuona nkhope ya munthu amene anasiya mkazi wake akutsirizika n'kupita kukavotera phula."

"Ndine ndinakuuzani kuti nthawi ilipo."

"Ndinafunsa mwa njira yoti mundiyankhe choncho. Ndinkadziwa chimene ndikufuna kumva."

Mayi Hegstad anadina batani. Makina anayamba kulira, lamba likufufuma.

"Musalankhule, akuwerenga."

Tonse atatu tinayang'ana manambala akutsika. Panja galimoto yonyamula feteleza inadutsa, mazenera n'kunjenjemera. Makina atasiya, Mayi Hegstad anamasula lamba, anatenga cholembera m'thumba la yunifolomu, n'kuyang'ana uku ndi uku patebulo. Kenako anakoka khadi lija, analitembenuza, n'kulemba kuseri kwake: 158 pa 94, ndi tsiku.

"Akwera. Muchepetse nyama yamchere ija, ndikudziwa kuti mumadya kuyambira pamene munatsala nokha. Mubwerenso pakatha milungu iwiri."

"Ndikhoza kulankhula ndi Bwanamkubwa kuti atumizenso dzina lanu tikadzakumananso."

"Mudzakumana liti?"

"Januwale, chaka chamawa chikatha."

"Pamenepo muno adzakhala akugulitsamonso nsapato."

Bambo Kautzman anatenga khadilo, anawerenga manambala awo, analibwezera m'thumba n'kumanga batani. Pakhomo anavala chipewa n'kutuluka. Pobweza galimoto anadutsa pa zenera, ndipo ndinaona chala chawo chikukwera pa chiwongolero. Mayi Hegstad sanachione. Anali atatembenukira ku sinki, akusamba m'manja.

Atapukuta m'manja anandiyang'ana.

"Pulofesa, lero ukutsutsa chiyani?"

"Palibe," ndinatero.

"Ndiye bwera upinde malaya," anatero.